Tsiku Limene Sewero Lathu Linaoloka Msewu

1

Inu amene mumaonera kanema, nkhope yanga simunaionepo. Ine ndinali wa m'kachipinda kozizira ka kuseri kwa situdiyo, kopanda windo, kodzaza timakanema ndi mabatani ofiira ndi obiriwira. Ntchito yanga inali youlutsa: kulowetsa pulogalamu pa nthawi yake, kuidula, kuponyapo malonda a sopo ndi a mafoni, kenako kuibwezeretsa. Anzanga anaiwala dzina langa kalekale, ankangoti Amabatani. Nkhani iyi yandikhala pakhosi zaka zitatu. Ndaganiza zoilavulira pano, poti kuuza anthu osakudziwa n'kopepukako.

Linali Lolemba m'mawa. Ine ndi amuna anga titafika kuntchito tinapeza anzathu onse ali panja pa geti, makosi ali m'mwamba. Kutsidya kwa msewu, moyang'anizana nafe, kunali nyumba ya magalasi ya kanema wina, wamkulu kuposa wathu. Tinkawatchula kuti Akutsidya. Tsiku limenelo amuna anayi anali padenga pawo, akutsitsa chinsalu chachikulu pakhoma.

Chinsalucho chinkatambasuka pang'onopang'ono. Linayamba kuoneka tsitsi, kenako mphumi, kenako maso.

"Maso amenewo ndimapaka ndine," anatero Mayi Phoda, amene ankakongoletsa nkhope za ochita zisudzo. Anagwira pachifuwa. "Nsidzezo ndi ntchito yanga, anthu inu."

"Mwina akutsatsa mafuta odzola," anatero Achidiso, wojambula wathu wamkulu, kuyesa kuseketsa anthu.

Chinsalu chitafika pansi, palibe anasekanso. Inali nkhope ya mtsikana wa m'sewero lathu lotchuka, ndipo pansi pake panali malemba aatali kuposa munthu: KHOMO LA KUSERI LATSEGUKIRA KUNO.

Makiyi a galimoto anapulumuka m'manja mwa amuna anga n'kugwa pansi. Sanawatole.

"Amake mwana," anatero ndi mawu otsika, "tatha."

2

Kanema wathu anali wa apongozi anga aamuna. Aliyense ankawatchula kuti Mdala, ngakhale ana awo omwe. Anamuyambitsa m'nyumba imene kale inali yosungiramo mipando, ndi makamera awiri ndi jenereta yotsokomola. Amuna anga, mwana wawo wamwamuna yekhayo, ankayang'anira mapulogalamu. Alamu anga, achemwali awo a amuna angawo, ankayang'anira zamalonda. Ine ndinalowamo ngati wantchito wamba, ukwati unandipeza momwemo, ndipo tinali ndi mwana mmodzi wamkazi.

Khomo la Kuseri linali sewero la bambo wa akazi awiri okhala nyumba zoyang'anizana makomo akuseri. Linkaulutsidwa Lachiwiri ndi Lachisanu, 7 koloko madzulo. Nthawi imeneyo ikakwana, wometa ankasiya mutu uli theka, ogulitsa m'masitolo ankabweza chenji maso ali pakhoma. Tinali ndi nkhani, nyimbo ndi zamasewera, koma kunena zoona anthu ankangopirira zonsezo podikira Khomo. Otsatsa malonda ankavomera malo pa pulogalamu ya m'mawa imene palibe ankaonera, n'cholinga choti alamu anga awaganizireko pa Khomo.

Chovuta chinali chakuti sewerolo silinali lathu. Mwini wake, amene ankalemba ndi kutsogolera, anali bambo wina wamfupi wotchedwa Kachipewa, poti palibe anaonapo pamutu pake. Ife tinkangomupatsa situdiyo, makamera ndi nthawi.

Ndipo panali mtsikana uja wa pachinsalu. M'seweromo ankakhala mkazi wamng'ono, choncho aliyense ankamuitana kuti Wachiwiri. Anthu ankamutukwana Lachiwiri n'kumulirira Lachisanu.

Kutatsala miyezi ingapo kuti chinsalu chija chipachikidwe, ndinayamba kuona zinthu. Wachiwiri akalowa mu ofesi ya amuna anga, chitseko chinkatsekedwa. Foni yawo ikalira, ankatuluka nayo pakhonde. Loweruka lina masana ndinaona galimoto yathu itaima pa malo ena omwera tiyi. Ndinasuzumira pawindo. Wachiwiri ankalira, dzanja la amuna anga lili paphewa pake.

"Mumakambirana chiyani ndi mtsikana uja?" ndinafunsa titafika kunyumba.

"Zantchito."

"Zantchito zake zolira?"

Anawerama n'kuyamba kumasula nsapato. "Pali zina sindingakuuze panopa. Si nkhani yanga. Ungondikhulupirira."

"Dzina lake likunena kale zonse," ndinatero. "Wachiwiri."

Iwo anaseka, kuyesa ndikuchita nthabwala. Ine sindinaseke.

3

Tibwerere ku Lolemba lija. Mdala anaitanitsa msonkhano mu ofesi yawo: ana awo awiri, a loya, ndi ine poti ndinali wa pabanja. Anandipempha kuti ndithire tiyi.

A loya anafotokoza. Mgwirizano wathu ndi Kachipewa unali ndi tsamba lomaliza lowonjezera zaka zina zitatu. Tsamba limenelo Kachipewa sanasaine. Linangodumphidwa tsiku losainirana, aliyense n'kuiwala. Kachipewa ankakhulupirira kuti ndi womangika kwa ife, ndipo Akutsidya atamunyengerera kawiri konse, anawakana ponena kuti manja ake ndi omangidwa. A loya anatulukira cholakwikacho miyezi iwiri m'mbuyomo, ndipo amuna anga anapatsidwa ntchito yokonza zoti tsambalo lisainidwe mwakachetechete pamodzi ndi mapepala a zigawo zatsopano.

"Amene tinkadziwa za tsamba limeneli tilipo anayi," anatero Mdala, akuloza ndi cholembera. "Ine, iwe, iwe, ndi a loya. Ndiye laoloka bwanji msewu?"

Mdala anaimba foni ya Kachipewa n'kuiika patebulo kuti tonse timve.

"Mwana wanga," anatero, "ndakulakwira chiyani?"

"Mdala, zaka zisanu ndi chimodzi ndajambulira kwanu, magetsi akuthimathima, denga likudontha, sindinadandaule," anayankha Kachipewa. "Ndinkati ndine womangika. Akutsidya andionetsa pepala lanu lomwe. Munadziwa kuti ndine mfulu, simunandiuze. Mumafuna ndisaine ngati mwana wa sukulu."

"Pepalalo awapatsa ndani?"

"Funsani m'nyumba mwanu momwemo."

Foni inadulidwa. Alamu anga anayendetsa maso pa nkhope iliyonse, pang'onopang'ono. Atafika pa ine anangodutsa. Wothira tiyi ndani angamuganizire? Ndinaona kuti kapu ya Mdala yasefukira m'sosa, ndipo ndinapukuta ndi mpango wanga.

4

Lachiwiri loyamba lopanda Khomo ndinali m'kachipinda kanga. Pa timakanema tapakhoma, kamodzi kankaonetsa zimene Akutsidya akuulutsa. Itakwana 7 koloko ndinadina batani langa, kwathu kunayamba filimu yakale ya nyama zam'tchire. Pa kakanema kaja panalira nyimbo yotsegulira Khomo, nyimbo imene chala changa chinaitsegulira zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinatuluka kukamwa madzi, ndipo ndinapeza mlonda wathu pageti akuonera Akutsidya pafoni. Atandiona anabisa foniyo kumbuyo ngati wagwidwa akuba.

"Pepani, Amabatani," anatero. "Ndimangofuna ndidziwe ngati mkazi wamkulu wapeza kalata ija."

Tinayesa zonse. Tinaika mpikisano wa mafunso, anthu oimba foni anali achibale a wofunsayo. Tinaika pulogalamu yophika, wophikayo anawotcha nsalu ya patebulo kanema ali mkati. Amuna anga anasonkhanitsa achinyamata n'kupanga sewero lathulathu la bambo wa akazi atatu, poganiza kuti atatu aposa awiri. Anthu analipatsa dzina lachipongwe loti Windo la Kuseri, ndipo linafa litangofika gawo lachisanu.

Otsatsa malonda sanachoke mwaphokoso. A sopo anati akuunikanso ndondomeko zawo. A mafoni anati bwana wawo ali kutchuthi. Alamu anga ankavala suti yawo yabwino m'mawa uliwonse, kupita kukakhala pa mabenchi a m'maofesi, n'kubwerako madzulo nsapato zili m'manja.

Ndipo si ife tokha tinavulala. Kunali kanema wina wamng'ono kuseri kwa msika, amene nkhani zake zinkayamba 7 koloko. Kale ankapulumukira pa anthu a m'madera amene kanema wathu sankafika bwino. Koma Akutsidya ankafika paliponse. Anasuntha nkhani zawo kupita 6 koloko, kenako 8 koloko, mpaka owonera awo anasokonezeka n'kuwataya. Ngakhale kwa Akutsidya komweko kunali misozi. Pofuna kupereka malo kwa Khomo, anathetsa masewero awo awiri. Tsiku lina ochita zisudzo asanu ochokera kumeneko anaoloka msewu kudzapempha ntchito kwa ife. Achidiso anawayang'ana n'kupukusa mutu.

"Abale anga, mwathawira m'nyumba imene ikupsa kale," anatero.

Mwezi wachitatu Mdala anayamba kuitana anthu mmodzimmodzi. Mayi Phoda anatuluka mu ofesimo atanyamula kabokosi kawo ka zopakapaka. Anadzandikumbatira m'kachipinda kanga.

"Amene watichita zimenezi, Mulungu amuone," anatero, misozi ikunyowetsa kolala yanga. "Ine ndili ndi adzukulu atatu. Pa msinkhu uno ndikapaka nkhope ya ndani?"

Ndinawasisita pamsana.

5

Mdala sanafune kugonja. Anakasuma kukhoti kuti Akutsidya anapeza pepala lathu mwakuba. Poyankha, a Akutsidya anati sanabe kanthu, pepalalo anachita kutumiziridwa, ndipo anapereka umboni.

A loya anabwera nawo umboniwo Lachinayi lina masana. Tinakhalanso mu ofesi ya Mdala, anthu omwe aja. A loya anaika pepala limodzi patebulo n'kulikankhira kwa Mdala osayang'ana aliyense. Inali imelo yopanda mawu, yongonyamula chithunzi cha tsamba lija. Pamwamba pake panali adiresi ya wotumiza.

Inali ya amuna anga.

Alamu anga ndiwo anayamba kukuwa. "Ndinadziwa! Akulonjeza mpando wanji kutsidyako? Wagulitsa bambo ako chifukwa cha ofesi ya magalasi?"

Amuna anga anatenga pepalalo. Analiwerenga nthawi yaitali kwambiri, ngakhale panalibe chowerenga. Ndinaona chala chawo chitaima pamwamba pa tsambalo. Kenako analiika pansi bwinobwino.

"Tayankhula," anatero Mdala. "Nena kuti wina anakubera. Nena chilichonse, ndikukhulupirira."

"Ndilibe chonena, Ababa."

"Ndiwe unatumiza?"

"Yachokera pa kompyuta yanga."

"Sindinafunse za kompyuta. Ndafunsa za iwe."

Amuna anga anangoyang'ana patebulo. Mdala anaimirira movutikira, atagwira m'mphepete mwa desiki. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Makiyi a ofesi usiye pamenepo," anatero. "Ndi a galimoto. Kunyumba kwanga usapondeko. Mayi ako ndikawauza ndekha." Kenako anatembenukira kwa ine. "Inu mayi, mulibe mlandu. Ntchito yanu ilipo. Mdzukulu wanga azibwera monga kale."

Tinabwerera kunyumba pa basi. Njira yonse amuna anga ankayang'ana pawindo. Ine ndinkayang'ana manja anga.

6

Chaka chotsatira chinali chakufa pang'onopang'ono. Akutsidya sanawapatse amuna anga mpando uliwonse, koma zimenezo sizinasinthe maganizo a munthu. Anthu ankangoti anapusitsidwa. Palibe kanema kapena wailesi imene inafuna munthu woti anagulitsa bambo ake. Anabwereka kamera kwa Achidiso, amenenso anali atachotsedwa, n'kumajambula maukwati ndi maphwando a ana. Munthu amene ankasankha zoti dziko lionere, tsopano ankauzidwa ndi alongo a mkwatibwi kuti aime uku, asatchinge keke.

Kunyumba sankadandaula. Ankathandiza mwana homuweki, ankakonza mpopi ukadontha, ankandifunsa ngati kuntchito kuli bwino. Nthawi zina ndinkawapeza akundiyang'ana ngati akudikira kuti ndinene kanthu. Ndinkafunsa ngati akufuna tiyi.

Kuntchito tinatsala anthu asanu ndi awiri. Situdiyo yaikulu, mmene munali nyumba ziwiri za Khomo, inabwerekedwa kwa munthu wosunga matayala. Tinkaulutsa nyimbo zakale ndi mafilimu obwerezabwereza, ndipo masiku ena ndinkadina batani ndikudziwa kuti mwina palibe ndi mmodzi yemwe akuonera. Kenako Mdala anagulitsa chilolezo choulutsira kwa kampani yotsatsa katundu. Tsiku limene anasaina, anagwa pamasitepe a ofesi. Madokotala anati ndi sitiroko.

Tinathamangira kuchipatala masana omwewo. Alamu anga anaima pakhomo la wodi.

"Iwe usalowe," anauza mchimwene wawo. "Wawapha kale, ukufunanso chiyani?"

Amuna anga anakhala pabenchi la pakhonde. Apongozi aakazi anali mkati. Patapita ola limodzi ndinamva anamwino akunong'onezana, ena akutulutsa mafoni. Wachiwiri ankabwera m'khondemo, wopanda zopakapaka, maso ali ofiira. Anafika kwa amuna anga n'kugwada patsogolo pawo.

"Achimwene," anatero, "ali moyo?"

Achimwene?

Amuna anga anamudzutsa, anamugwira dzanja n'kupita naye pakhomo la wodi. Ulendo uno sanapemphe.

"Achemwali, sunthani. Ine ndikhala panja. Koma uyu alowe. Ndi mwana wawo."

"Wapenga?"

"Ndi mng'ono wanu. Ababa anabereka kwa mayi wina, Amayi sadziwa. Ababa anandiuza zaka zitatu zapitazo n'kundilumbiritsa kuti ndisauze munthu, ngakhale mkazi wanga, chifukwa cha mtima wa Amayi. Mukuganiza kuti Kachipewa ankapiriranji denga lodontha zaka zonsezi? Ndi uyu ankamugwira kuti asachoke. Pepala lija litaoloka msewu, analibenso pomugwirira."

Alamu anga anasuntha, mtsikanayo analowa, chitseko chinatsala chotsegula pang'ono. Ndinaona Wachiwiri akugwada pambali pa bedi, ndinamumva akuti, "Ababa, ndabwera." Dzanja lamoyo la Mdala linakwera n'kugwira tsitsi lake. Apongozi aakazi anayang'ana mtsikanayo, anayang'ana amuna awo, kenako anatembenukira kukhoma.

Mdala anamwalira patapita masiku anayi. Pakamwa panali patafa kale, sanathe kunena mawu ngakhale amodzi. Mwana wawo wamwamuna sanalowe m'wodimo mpaka mapeto.

7

Tsopano ndikuuzeni zimene mwina mwaziganizira kale.

Ndine ndinatumiza pepala lija.

Linali Lachitatu, patangopita masiku anayi chiwaonereni awiri aja pa malo omwera tiyi. Ndinali pa mpumulo, mwana ali kusukulu, amuna anga ali kuntchito. Anali ataiwala kompyuta yawo patebulo la pabalaza. Ndinaitsegula pofuna makalata achikondi. Ndinafufuza paliponse, sindinapeze ngakhale imodzi. M'malo moti mtima ukhale pansi, ndinapsa mtima koposa. Ndinati ndi ochenjera, amafufuta.

Kenako ndinapeza kalata ya a loya ndi chithunzi cha tsamba losasainidwa. Ndinawerenga kawiri ndipo ndinamvetsa tanthauzo lake. Maganizo anabwera osalala ngati madzi: sewero likachoka, mtsikanayo achoka nalo. Sadzalowanso mu ofesi ija, chitseko sichidzatsekedwanso. Adiresi ya mkulu wa mapulogalamu wa Akutsidya inali momwemo, poti ankatumizirana makalata a misonkhano. Ndinadina. Ndine wa mabatani, chala changa sichinjenjemera. Ndinafufuta imeloyo pa zotumizidwa, ndinatseka kompyuta, ndinapita kukaanika zovala.

Musaganize kuti sindinkadziwa kufunika kwa Khomo. Ndinkadziwa kuposa aliyense, malonda onse ankadutsa m'manja mwanga. Ndinadzinamiza kuti kanema wathu adzapeza sewero lina, kuti Mdala ndi munthu wolimba, kuti tidzavutika miyezi iwiri basi. Sindinaganize za Mayi Phoda, za Achidiso, za ochita zisudzo asanu aja, kapena za anthu a kanema wa kuseri kwa msika amene sindinkawadziwa n'komwe. Ndinkangoona dzanja lija lili paphewa.

Ndipo mwayi wonena zoona ndinali nawo, osati kamodzi. Tsiku la chinsalu ndikanatha kunena. Pamsonkhano wa tiyi uja ndikanatha kunena. Tsiku limene Mdala anati, "Inu mayi, mulibe mlandu," mawu anafika pamilomo, ndinawameza. Ndinkaopa kuthamangitsidwa, ndinkaopa kulandidwa mwana, ndinkaopa maso a alamu anga. Komanso, ndivomere, pansi pa mtima panali kamawu konena kuti amuna angawo akulipira za chibwenzi chawo. Chaka chathunthu ndinadzitonthoza ndi bodza limenelo, mpaka tsiku limene mtsikana uja anagwada m'khonde la chipatala n'kunena kuti achimwene.

8

Ndinawauza patatha sabata ziwiri chiikireni maliro. Unali m'mawa, mwana atapita kusukulu. Anali pabalaza, akupukuta galasi la kamera yobwereka ija. Ndinakhala pansi, pafupi ndi mapazi awo.

"Bambo a mwana, pali zoti ndinene. Imelo ija..."

"Inatumizidwa Lachitatu, 10 koloko itangodutsa," anatero osadzutsa mutu. "Nthawi inalembedwa pamwamba pa pepala limene a loya anabweretsa. Ine nthawi imeneyo ndinali mu situdiyo ndi anthu makumi awiri. Kompyuta ndinaiwala patebulo ili. M'nyumba muno munali munthu mmodzi."

"Munkadziwa? Nthawi yonseyi?"

"Kuyambira tsiku lomwelo."

"Bwanji simunanene?"

"Ndikanati chiyani? Kuti Ababa, si ine, ndi mayi wa mdzukulu wanu? Achemwali akanakudyani wamoyo. Mwana akanakula akulozedwa chala. Ndinati ine ndi magazi awo, tsiku lina adzandikhululukira." Anaika galasi m'chikwama n'kutseka zipi. "Komanso ndinkadikira. Ndinkati mawa anena yekha, tipita limodzi kwa Ababa, tikagwada. M'mawa uliwonse ndinkati lero. Inu munkandifunsa ngati ndikufuna tiyi."

Mawu oti inu anandilasa kuposa onsewo. Chikwatiraneni chathu anali asanandiitanepo choncho.

"Ndinkaganiza kuti ndi chibwenzi chanu," ndinatero ndikulira. "Mukanandiuza..."

"Eya, ndikanakuuzani. Pamenepo ndinalakwa, ndinasunga lumbiro la bambo anga kuposa mtima wa mkazi wanga. Zimenezo ndidzayankha ndekha. Za imelo ndinakukhululukirani kalekale, munthu akapsa mtima amachita zopusa. Koma chaka chija. Munandiona ndikukhala pabenchi, bambo anga akufera kuseri kwa chitseko. Munali pambali panga. Mawu atatu okha akanandilowetsa."

"Ndipita kwa alamu lero lomwe. Ndikawauza zonse."

"Pitani ngati zikuthandizani. Amene ndinkafuna kuti amve sangamvenso."

Ananyamula chikwama. Anali ndi phwando la mwana wa zaka zisanu loti akajambule.

9

Ndinapitadi kwa alamu anga. Anandimvetsera ali chiimire pakhomo, osandilowetsa. Nditamaliza anangoti, "Ndiye ndinatsekera mchimwene wanga panja chifukwa cha iwe," n'kutseka chitseko. Mpaka lero abale awiriwa sayankhulana bwino. Wina akuchita manyazi, wina watopa. Apongozi aakazi anasamukira kwa mng'ono wawo, safuna kuona aliyense wa ife. Mayi Phoda ndinawafunafuna kuti ndiwapepese, ndinamva kuti anabwerera kwawo ndi adzukulu aja.

Amuna anga sanandisiye. Tikukhala nyumba imodzi, timadyera tebulo limodzi, mwana wathu amaganiza kuti makolo ake ndi anthu ofatsa chabe. Amandipatsa ulemu wonse umene munthu amapatsa mlendo. Ine tsopano ndimagwira ntchito pa sitolo yosindikiza mapepala. Khomo la Kuseri linatha chaka chatha. Akutsidya analitalikitsa mpaka anthu anatopa nalo, ndipo pano akusakasaka sewero la kanema wina loti alande.

Inu owerenga, sindikulemba kuti mundimvere chisoni, ndipo sindikuuzani kuti nsanje ndi yoipa, mukudziwa kale. Chimene ndaphunzira mochedwa ndi china. Cholakwa changa choyamba chinatenga kamphindi, ndipo mwamuna wanga anali wokonzeka kuchinyamula. Chimene chinapha banja langa ndi masiku oposa mazana atatu amene ndinadzuka, kusamba, kuvala, n'kusankhanso kukhala chete. Ngati pali munthu amene akusenza mlandu wanu lero, musadikire kuti mupeze mawu abwino kapena tsiku labwino. Sizibwera. Ine ndinanena zoona zanga zonse, mosabisa kanthu, koma ndinazinena patatha sabata ziwiri munthu woyenera kuzimva ali m'manda.